Pomwe Madzi Analekeza: Zaka Khumi Chichitikireni Chigumula cha 2015

Mu Januwale 2025 tinakwanitsa zaka khumi chichitikireni chigumula chimene chinamiza Chigwa cha Shire ndi kugwedeza dziko lonse. Ana amene anabadwira m'matenti a ku Bangula ndi m'makalasi amene anasanduka misasa tsopano ali kupulayimale, akuwerenga ndi kulemba, ndipo ena a iwo sadziwa n'komwe kuti mudzi umene makolo awo amautchula ndi mawu otsika uli pansi pa mchenga. Pa 13 Januwale 2015, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Pulofesa Peter Mutharika, analengeza kuti maboma 15 ali pangozi, kuyambira ku Nsanje ndi ku Chikwawa mpaka ku Rumphi ndi ku Karonga. Ziwerengero zimene zinatsimikizidwa madzi ataphwa tonse tinazimva: anthu oposa 1.1 miliyoni anakhudzidwa, pafupifupi 230,000 anasowa pokhala, 106 anamwalira, ndipo 172 sanaonekenso.

Pa ziwerengero zonsezi, chimene chimandilemera pamtima ndi chomalizacho. Munthu akamwalira thupi lake n'kupezeka, mudzi umadziwa chochita: amayi amagona pasiwa, abambo amachezera moto panja, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, ndipo pakapita chaka kapena ziwiri abale amasonkherana n'kuwaka chiliza kuti ana obadwa mawa adzadziwe pamene agona agogo awo. Anthu 172 aja sanalandireko chilichonse cha zimenezi. Alibe mtumbira, alibe chiliza, ndipo amene anawasiya sanauzidwe tsiku loyamba kulira ngakhale tsiku lometa. Shire anapita nawo kumunsi, kumene madzi salabadira malire a mayiko, ndipo m'mabanja ambiri maliro awo sanathe mpaka lero chifukwa sanayambe n'komwe.

Amene anapulumuka amasimba zofanana, ngakhale anali m'midzi yotalikirana. Mvula inali itagwa masiku angapo osakata, koma madzi amene anawagwetsera nyumba sanali a mvula ya pamudzi pawo pokha. Anadza ndi mkokomo kuchokera kumtunda, atasenza mitengo, ziweto ndi madenga a eni ake. Anthu anathawira m'mitengo ndi pa zulu, amayi atabereka ana ndi nsalu yomanga mfundo ziwiri, ndipo ena anakhala m'mwambamo usana ndi usiku, opanda chakudya, akuopa tulo kuposa njala, kufikira mabwato ndi ndege za asilikali zinawapeza. Ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, njira zonse zinaduka, dera lonse linasanduka chilumba, ndipo kwa nthawi ndithu chakudya ndi mankhwala zinkafika pa helikopita basi. Tisaiwalenso eni mabwato a m'midzimo, asodzi wamba, amene anapalasa kupita ndi kubwerera pamadzi olusa kukatsitsa anzawo m'mitengo. Ambiri mwa iwo mayina awo sanalembedwe pena paliponse.

Dziko liwakumbukire motani anthu otere? Mapemphero ndi oyenera, ndipo nkhata za maluwa zili ndi malo ake. Koma ndikukhulupirira kuti ngongole yaikulu imene tili nayo kwa iwo ndi ya kudziwa: kudziwa mosaphonya pomwe madzi anafika, kuya kwake pakhomo lililonse, njira imene anadzera, ndi maola amene anatenga kuchoka kuphiri kufika kuchigwa, kenaka kulemba zimenezi, kuzisunga, ndi kumanga moyo wathu motsatira zimene talembazo. Ntchito ya mapu ndi miyezo imaoneka yozizira, ya anthu a m'maofesi, yosayenera kutchulidwa pa tsiku la chisoni. Ine ndikuona kuti ndi ntchito ya pamaliro yeniyeni, chifukwa mzere umene ukuonetsa pomwe madzi analekeza mu 2015 unagulidwa ndi miyoyo ya anthu, ndipo kuutaya n'kuwataya kachiwiri.

Kuti timvetse zimene zinachitika, tiyenera kuyenda ndi mtsinjewo. Shire amatuluka m'nyanja ku Mangochi, amadutsa m'Malombe, n'kufika pa Liwonde pamene pali Kamuzu Barrage, zitseko zimene zinamangidwa mu 1965 kuti ziziwongolera madzi ochoka kunyanja. Kuchoka apo amagwa m'mathithi, kutsika mamita oposa 300, akutembenuza makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akangofika ku Chikwawa, liwiro lonse lija limatha, pakuti dziko limayalika ngati mphasa, ndipo mtsinje umayenda mwaulesi kulowa m'dambo la Elephant Marsh. Anthu ambiri a kumtunda amaganiza kuti zitseko za pa Liwonde zikanatha kupulumutsa chigwa. Zitsekozo zimalamulira madzi a m'nyanja okha. Mitsinje imene imathira m'Shire kumunsi kwake, monga Mwanza, Mkombedzi wa Fodya, Thangadzi, makamaka Ruo, ilibe chitseko chilichonse.

Ruo ndiye mwini nkhani. Amachokera pa phiri la Mulanje, pamene mvula imagwa yochuluka kuposa madera ambiri a dziko lino, amalandira madzi a Lichenya, Likhubula ndi Thuchila, amayenda ngati malire a Malawi ndi Mozambique, n'kudzagwera m'Shire pafupi ndi Chiromo. Akadzaza, amalowa ndi mphamvu yoti Shire amalephera kudutsa; madzi amabwerera m'mbuyo, dambo limasefukira, ndipo midzi ya kum'mawa kwa mtsinje imapezeka itapanikizika pakati pa mitsinje iwiri. Ndiye chifukwa chake munthu wa ku Makhanga akhoza kuona kumwamba kuli mbee, koma madzi odzamumiza atagwa kale ku Mulanje kapena ku Milange. Mu 1997 madzi anakokolola mtunda umene unkanyamula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo amene anthu amawatcha Mtayamoyo. Mu 2015 Ruo anachita choposa: anasiya njira yake n'kudzitemera ina, kudutsa m'minda ndi m'midzi ya anthu. Akale anati madzi saiwala khwawa, ndipo aliyense amene wayang'anapo chithunzi cha chigwachi chojambulidwa kuchokera kumwamba amavomereza: pakati pa minda yobiriwira pamaoneka mikwasa yokhotakhota ya njira zakale za mtsinje, zimene munthu woyenda pansi saziona, koma zimene madzi amabwereramo tsiku la mkwiyo wake.

Chigumulachi chinatipeza titangoyamba kumene kuphunzira ntchito imeneyi. Mu 2014, patatsala miyezi yochepa, ogwira ntchito kunthambi yoyeza malo ndi kunthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, pamodzi ndi ophunzira ndi anthu a m'maboma awiriwa, anali atayenda m'midzi ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa atanyamula timakina ta GPS, akulemba pamene pali mudzi, sukulu, chipatala, mjigo ndi mlatho, n'kumaika zonsezo pa mapu a OpenStreetMap amene aliyense angathe kuwaona. Boma linali litatsegulanso nkhokwe ya mapu pa intaneti yotchedwa MASDAP. Zinali zoyamba chabe, zoperewera mbali zambiri, koma madzi atafika zinaonetsa phindu lake. Zithunzi za masetilaiti, makamaka zojambulidwa ndi radar imene imapenya ngakhale kudzera m'mitambo, zinaonetsa dera lonse limene lamira. Koma chithunzi chotere chimangoonetsa madzi, sichinena kuti pansi pake pali yani. Chimayamba kulankhula pokhapokha chitasanjikidwa pa mapu a midzi. Apo ndi pamene woyendetsa helikopita amadziwa kolowera, ndipo wogawa ufa amadziwa kuti kuseri kwa bango kuli mabanja amene sanafikiridwe. Mudzi umene suli pa mapu umachedwa kukumbukiridwa, ndipo pa chigumula kuchedwa kwa tsiku limodzi ndi imfa ya mwana.

Madzi ataphwa, akatswiri a boma ndi a mabungwe akunja anawerengera kuti zowonongeka ndi zotayika zinafika madola 335 miliyoni a ku America, ndi kuti kubwezeretsa zinthu kudzafuna pafupifupi madola 494 miliyoni. Banki ya Dziko Lonse inapereka madola 80 miliyoni a ntchito yokonzanso. Ndalama zotere zikafika, funso loyamba limakhala lakuti timange chiyani. Funso limene limaiwalika ndi lakuti timange pati. M'dziko la mapiri maso amakwanira kusiyanitsa chitunda ndi chigwa. M'Chigwa cha Shire maso amanama. Malo awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana ndi theka la mita, ndipo theka la mita limenelo ndilo limagamula ngati madzi alekeze pakhonde kapena alowe mpaka pazenera, ngati mjigo ukhale waukhondo kapena usakanikirane ndi za m'chimbudzi, monga zinachitikira pamene kolera inatsatira chigumula m'chaka chomwecho. Kuyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka mwatsatanetsatane, kaya ndi ndege zowalitsa kuwala kwa laser pansi kapena ndi oyeza malo oyenda ndi miyendo, ndiye maziko a zonse. Popanda muyezo umenewu, sukulu imamangidwanso pomwe inagwera, ndipo chipupa chotchinga madzi chimateteza mudzi uno pokankhira madziwo kumudzi wa kutsidya.

Pali mawu amodzi amene ananenedwa nthawi imeneyo amene ndikuopa kuti anatigoneka tulo. Kunamveka kuti mvula ya Januwale 2015 inali ya mtundu wogwa kamodzi pa zaka 500. Ambiri tinamva ngati akuti tapuma, zotere zidzaonekanso kwa zidzukulu za zidzukulu zathu. Akatswiri satanthauza zimenezo. Amatanthauza kuti chaka chilichonse, ngakhale chotsatira chenichenicho, pali mwayi umodzi mwa 500 woti zoterezi zichitike. Ndipo chiwerengerocho amachipeza kuchokera m'zolembedwa za zaka makumi ochepa, za nyengo imene ikusintha tikuona. Zaka khumi zotsatira chigumulacho zayankha zokha. Mu Malichi 2019 kunadza madzi a namondwe wa Idai, amene anapha anthu 60 m'dziko muno. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka, ndipo namondwe wa Gombe anatsatira pasanathe miyezi iwiri. Mu Malichi 2023 kunafika namondwe wa Freddy. Pali mabanja a ku Nsanje amene pa zaka khumi zokhazi aumba njerwa za nyumba imodzimodzi katatu.

Tsono ziwerengero zimene akatswiri amadalira zimachokera kuti? Zimachokera kwa munthu amene sitimutchula pa misonkhano. M'mphepete mwa mtsinje, pafupi ndi mlatho kapena pa thanthwe losasuntha, pamakhala zitsulo zoimikidwa motsatizana kukwera gombe, zolembedwa manambala. M'mawa ndi madzulo munthu wa m'mudzi wapafupi amatsetserekera pamenepo, nthawi zina matope ali m'mawondo, n'kuwerenga pomwe madzi alekeza, n'kulemba m'kabuku kamene amakasunga m'pepala la pulasitiki kuti kasanyowe. Tsiku limodzi nambalayo siitanthauza kanthu. Koma ikalembedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi atatu, imasanduka mbiri ya mtsinje, ndipo ndi mbiri imeneyo imene injiniya amayezera kutalika kwa mlatho. Kukwera ndi kutsika kwa nyanja yathu kwakhala kukulembedwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo n'chifukwa chake tikudziwa kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja inatsika kwambiri mwakuti Shire analeka kutuluka, chinthu chimene wachinyamata wa lero sangachikhulupirire atachimva pakamwa. Zomvetsa chisoni n'zakuti malo ambiri oyezera madzi m'mitsinje yathu anasiyidwa m'kupita kwa zaka: zitsulo zinakokoloka kapena kubedwa, owerenga anagwa mphwayi posalandira kangachepe kawo, ndipo m'mabuku munatsala masamba opanda kanthu. Tsamba lotere silingadzazidwenso. Madzi a tsiku limenelo anapita.

Pali zimene zasintha, ndipo n'koyenera kuzivomereza. M'mitsinje ingapo tsopano muli makina otumiza okha muyezo wa madzi, ndipo nthambi yoona za nyengo imalengeza za namondwe masiku angapo asanafike, pa wailesi ndi pa mafoni. M'midzi yambiri muli ndodo zoyezera zopakidwa mitundu itatu, wobiriwira, wachikasu ndi wofiira, zimene ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga amazimva. Madzi akafika pachikasu, wa komiti ya kumtunda amaimbira foni anzake a kumunsi. Akafika pofiira, kumunsi kumalira mluzu, ng'oma ndi chimkuzamawu, ndipo anthu amanyamula ana, okalamba ndi mbuzi kulowera kusukulu imene anagwirizana kale. Njira imeneyi yapulumutsa anthu. Koma imalimba molingana ndi mfundo yake yofooka: foni yopanda mayunitsi, batire lakutha chifukwa magetsi azima, kapena chenjezo longoti kugwa mvula yamphamvu m'chigawo cha kumwera, losanena kuti mudzi uti, madzi afika nthawi yanji, ndipo anthu athawire njira iti. Chenjezo limakhala ndi mano likamangirizidwa ku mapu.

Apa tafika pa nkhani yowawa, imene imabuka chigumula chilichonse chikachitika: bwanji anthuwa sasamuka? Kwa zaka zambiri boma lakhala likupempha anthu a madera monga kwa Nyachikadza ndi ku Makhanga kuti akwere kumtunda. Ena anamvera, ena anakana, ena anapita n'kubwerera. M'matauni mumamveka mawu olasa, akuti anthu a kuchigwa ndi osamva, akuti amadikira madzi kuti alandire zaulere. Mawu amenewa ndi achipongwe kwa akufa ndi kwa amoyo omwe, ndipo amachokera m'kusadziwa. Palibe mayi amene amagoneka mwana wake panjira ya madzi chifukwa cha thumba la ufa. Chigwa cha Shire ndi dziko lotentha, la mvula yochepa ndi yosadalirika, ndipo munda wa kumphala ukhoza kupsa ndi dzuwa zaka ziwiri zotsatizana. Chimene chimadyetsa anthu ndi dimba. Madzi omwewo amene amagwetsa nyumba amasiya nthaka yachonde ndi chinyontho, ndipo akaphwa anthu amabzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu n'kukolola pamene kumtunda kuli gwaa. M'dambo muli nsomba, muli bango, muli msipu wa ng'ombe. Amang'anja ndi Asena akhala ndi mitsinje imeneyi kwa mibadwo, akudziwa kumanga nsanja zosungirapo chakudya, kusunga bwato pafupi, ndi kuwerenga zizindikiro za mtsinje. Kumuuza munthu wotere kuti asamuke, osamuonetsa kumene akalime, n'kumuuza kuti asankhe pakati pa madzi ndi njala. Ndipo pali zina zimene sizilowa m'ziwerengero: manda a makolo amene atsale okha, ndi unyakwawa umene umachepa mphamvu mfumu ikakakhala mlendo pa nthaka ya mfumu inzake.

Mapu abwino sathetsa ululu umenewu, koma amachotsa nkhaniyi pa mkangano wa inde kapena ayi. Amatha kusiyanitsa malo amene madzi amafika chaka ndi chaka, oyenera kulimidwa koma osagonapo; malo amene amafika mwa apo ndi apo ndiponso osazama, pamene nyumba ya maziko okwera ndi njira yothawira zingakwanire; ndi malo amene madzi amadutsa mothamanga ndi mozama, pamene palibe nyumba ingaime, pamene boma liyenera kunena zoona mosapsatira. Amathanso kuyeza malo osamukirako: kodi pali madzi akumwa, kodi mwini wake ndani, kodi ndi mtunda wotani kukafika kudimba, kodi si m'mphepete mwa kamtsinje kena kamene kadzalusa mawa? Mapu otere sajambulidwa ku Lilongwe kokha. Amajambulidwa pansi pa mtengo, pepala lalikulu litayalidwa pamphasa, nyakwawa ndi amayi a m'mudzi akuloza ndi chala: apa madzi anafika m'chiuno, apa anadutsa ndi liwiro, chulu ichi ndi chimene tinapulumukirapo. Kompyuta imadziwa kutsetsereka kwa nthaka. Amene anagona mumtengo amadziwa kumene madzi anayambira kulowa. Zikaphatikizana ziwirizi, anthu amawakhulupirira mapuwo, chifukwa amadzionamo.

Freddy anatiphunzitsa kuti tinkayang'ana kuchigwa kokha. Anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 sanaonekenso, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala; ambiri mwa akufawo sanali a m'mphepete mwa Shire, koma a m'munsi mwa phiri la Soche ku Chilobwe, a ku Chiradzulu, a ku Mulanje ndi a ku Phalombe, kumene matope ndi miyala zinatsika usiku ndi usana. A ku Phalombe anali ataziona kale mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana, ndipo a ku Zomba amasimbabe za napolo wa 1946. Lamulo lathu loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi linabadwa mu 1991, pambuyo pa maliro a ku Phalombe. Ndondomeko ya dziko yothana ndi ngozizi inavomerezedwa mu 2015, pambuyo pa maliro a kuchigwa. Lamulo latsopano linadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2023, pambuyo pa maliro a Freddy. Malamulowa ndi ofunika, koma n'zopweteka kuona kuti lililonse linayenda pambuyo pa bokosi. Pakali pano m'mizinda yathu mapuloti akugulitsidwabe m'mphepete mwa Mudi ndi Lingadzi ndi m'mbali mwa mapiri, ngakhale anthu a ku Mtandire anaona mu 2017 zimene Lingadzi amachita akadzaza. Osauka samanga m'malo otere chifukwa chokonda ngozi. Amamanga pamene ndalama yawo yafika. Khonsolo imene ili ndi mapu a malo oopsa koma ilibe malo ena owapatsa, yangodziwa pasadakhale amene idzawalire.

Tikumbukirenso kuti mapu amakalamba. Mitengo ikutha m'mapiri a Thyolo, Mwanza, Neno ndi Blantyre, nthaka ikukokoloka, ndipo mchenga wonsewo ukukathera m'mitsinje ya kuchigwa. Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mwanza pa msewu wa ku Nchalo amaona yekha mmene mchenga wadzazira, mwakuti madzi ochepa chabe amakwanira kusefukira. Mtsinje umene unayezedwa mu 2015 si umene ulipo lero, ndipo Freddy anasinthanso njira za mitsinje ingapo. Mu 2024 nyanja inakwera kufika pamene inali isanafikepo kwa zaka zambiri, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ndipo oyang'anira zitseko za pa Liwonde anayenera kulingalira za anthu a kunyanja ndi a kuchigwa nthawi imodzi. Chiganizo chotere sichipangidwa ndi mtima wabwino wokha. Chimafuna miyezo ya tsiku lomwelo. Ndipo popeza mbali ina ya madzi a Ruo imagwa ku Mozambique, kumene chigumula cha Januwale 2015 chinaphanso anthu ndi kudula mlatho wa pa Licungo ku Mocuba, miyezo iyenera kuwoloka malire mwaufulu monga madziwo amachitira.

Anthu oti agwire ntchitoyi tili nawo. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyeserera ndege zing'onozing'ono zopanda woyendetsa, mothandizana ndi UNICEF, ndipo kuyambira mu 2020 achinyamata a kuno ndi a mayiko ena a mu Africa akhala akuphunzira kuziulutsa ndi kusandutsa zithunzi zake kukhala mapu, maphunziro amene akugwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo. Vuto lathu lalikulu ndi la kasungidwe ndi kagawidwe. Kafukufuku wambiri wa Chigwa cha Shire anachitika ndi ndalama za mapulojekiti, ndipo pulojekiti ikatha zotsatira zake zimatsalira m'kompyuta ya munthu mmodzi kapena m'lipoti lachingerezi lokhuthala limene anthu a kwa Mlolo sadzaliona. Wina akabwera ndi ndalama zatsopano amayambanso kuyeza zomwe zinayezedwa kale, ndipo anthu a m'midzi amafunsidwa mafunso omwewo kachisanu. Zimene zinatengedwa kwa anthu zibwerere kwa anthu: mapu asindikizidwe pa pepala lolimba, m'Chichewa ndi m'Chisena, apachikidwe kwa mfumu, kusukulu ndi kuchipatala, ndipo ana aziphunzira m'kalasi njira yothawira ya mudzi wawo.

Pali ntchito ina imene nthawi yake ikutha. Pa makoma a masukulu ndi matchalitchi ena a kuchigwa, mzere wa matope umene madzi anasiya unaonekabe kwa zaka, wofiirira, wowongoka, pamwamba pa mutu wa mwana wa sitandade 1. Makoma ambiri otere apakidwa laimu kapena agwa, ndipo akuluakulu amene angaloze ndi ndodo pomwe madzi anafika pa mtengo wa mlambe akutsikira kuli chete mmodzimmodzi. Ndikulakalaka kuti m'mudzi uliwonse umene unamira muimikidwe chipilala cha simenti, choyezedwa bwino ndi oyeza malo, chokhala ndi mizere ya 2015, 2019, 2022 ndi 2023, ndipo m'munsi mwake mulembedwe mayina a anthu a m'mudzimo amene anapita ndi madzi, opezeka ndi osapezeka omwe. Kwa injiniya chidzakhala muyezo wodalirika woyesera mapu ake. Kwa mlendo wofuna kugula malo chidzakhala chenjezo losafuna womasulira. Kwa mayi amene mwana wake sanaonekenso chidzakhala malo oti aimepo ndi kutchula dzina.

 Chaka chilichonse aphungu amakhala pansi kukambirana ndondomeko ya chuma cha dziko. Amene akuimira Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Phalombe ndi madera onse amene analira, afunse mafunso ang'onoang'ono amene kawirikawiri safunsidwa: ndi malo angati oyezera madzi pa Ruo, pa Mwanza ndi pa Thuchila amene akugwira ntchito sabata ino, owerenga ake analandira liti malipiro awo, ndani akugula mayunitsi ndi mabatire a makomiti a m'midzi pulojekiti ikatha, mapu a malo oopsa a boma lililonse anakonzedwanso liti chichokereni Freddy, ndipo mabanja amene anavomera kusamuka apatsidwa malo okwanira kulima kapena ayi. Mayankho ake alembedwe, awerengedwe pa wailesi, ndipo ndalama zake zichokere m'thumba la dziko lino chaka ndi chaka, osadikira kuti wakunja ayambe watimvera chisoni.